Alenje awiri amene ndinawalemba ganyu ya nguluwe ku Chikwawa

Mbatata ya mayi anga inayamba kutha mu Ogasiti 2024. Dimba lawo lili cha ku Tomali, m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, ndipo chaka chimenecho linali chiyembekezo chokhacho cha pakhomo, poti chimanga cha kumunda chinapserera ndi ng'amba ija boma linachita kulengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi. Mayi anandiimbira foni ine ndili ku Limbe kuntchito, mawu akunjenjemera, amvekere: "Mwanawe, nguluwe zalowa. Mizere 6 yapita usiku umodzi." Loweruka lake ndinakwera minibasi, kutsika phiri lija la makhotakhota, kudutsa pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kenako kabaza mpaka kwathu. Nditafika kudimba ndinangogwira pakamwa. Nguluwe sikudya mwaulemu ngati mbuzi. Imalowetsa mphuno pansi n'kumafukula mzere wonse kuyambira kumutu mpaka kumapeto, ina kudya, ina kungoluma n'kutaya. Mumachita kuona ngati padutsa pulawo ya ng'ombe.

Kuchokera nthawi imeneyo anzanga a m'tauni akhala akundifunsa kuti malo abwino osakako nguluwe kumunsi kuno ndi ati, nanga munthu wodalirika wowatsogolera angam'peze kuti. Ndinalemba ganyu alenje awiri, ndiye ndinene za onse awiri monga ndinawaonera. Maina awo sinditchula.

Woyamba ndinam'peza pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu. Anali mnyamata wa msinkhu wanga, wa pakamwa pothyathyalika, ndipo zithunzi anali nazo zambiri: iye atagwada pambali pa nguluwe, iye atanyamula njiri paphewa. Tinakumana pa Nchalo, anatchula K60,000, theka lake pompo. Anandilonjeza kuti usiku umodzi wokha ndibwerera ndi nyama yodzaza thumba. Ndinam'funsa za mapepala, iye anangoti, "Achimwene, zimenezo musadandaule nazo, kuno ndi kwathu." Dzuwa litapendeka anabwera ndi anzake awiri pa njinga yamoto, atanyamula tochi yaikulu, mfuti ya gogodela yokulunga m'chiguduli, ndi mpukutu wa waya wa mabuleki a njinga. Kudimba kwa mayi sanafune n'komwe kukaonako. Anati nguluwe amazipeza kumene zimagona. Tinayenda mwina ola limodzi ndi theka, minda inatha, tchire linayamba kuwirira, ndipo kenako ndinazindikira kuti tikulunjika ku malire a nkhalango ya Lengwe. Ndinaima. Ndinati ine mmenemo sindilowa. Anandiseka, amvekere aliyense amalowa. Ndinabwerera ndekha mumdima, K30,000 yanga osaionanso, ndipo mawa lake nambala yake inali itanditsekera.

Chimene chinandiwawa koposa ndalamazo ndi waya uja. Khwekhwe sasankha. Amatchera nguluwe, koma mawa mupezamo nyala itathyoka mwendo, kapena galu wa munthu, kapena mbuzi ya mayi wamasiye. Lengwe inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970 makamaka chifukwa cha nyala zomwezo, ndipo munthu wopezeka mkatimo ndi mfuti kapena waya alibe chonena pamaso pa woweruza. Chisinthireni lamulo la nyama zakuthengo mu 2017 zilango zinakwera kwambiri, moti pa nyama zotetezedwa koposa munthu akhoza kukaseweza mpaka zaka 30. Mnyamata uja akakutengani, mkagwidwa, amene amadziwa njira zothawira ndi iyeyo. Inu mlendo wa nsapato za m'tauni ndi amene a gemu adzakupezani muli chilili.

Ndiye ndinene poyera kwa amene mukufuna malo: mu Lengwe, mu Majete ndi mu Mwabvi mulibe zosaka. Ku Majete, kumene a bungwe la African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2003, kuli mpanda wa magetsi kuzungulira, ndipo mkatimo muli mikango imene anaibweretsa mu 2012, akambuku, njovu ndi zipembere. Pitani ndi kamera, mukaona njiri zikudya chogwada pafupi ndi galimoto. M'minda ya nzimbe ya ku Nchalo nguluwe zimakondamo, koma ndi malo a eni ake ndipo alonda alipo usana ndi usiku. Otsala ndi malo a anthu akumudzi, madimba ndi tchire la m'mphepete mwa mitsinje, ndipo kumeneko simulowa popanda anyakwawa ndi mwini munda kudziwa.

Wachiwiri anandipezera ndi atsibweni anga. Atamva za usiku uja anandikalipira kaye, kenako anati, "Mphwanga, mlenje weniweni sapezeka pa foni. Tiye mawa." Tinapita pa njinga kumudzi wina cha kumadzulo, tinapeza madala a zaka mwina 70 atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, akusoka thumba. Agalu anayi owonda, a makutu ongoti njo, anagona pambali pawo osauwa. Tinalonjerana, mkazi wawo anatipatsa madzi, ndipo ine ndinafotokoza. Iwo sanafunse za ndalama. Anafunsa kuti nguluwe zimalowera mbali iti, mwezi uli pati, ndipo ngati mayi anga ali ndi khola la nkhumba. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala ka pulasitiki momwe munali chiphaso cha mfuti yawo cha ku polisi, chosatha ntchito. Ndinachiwerenga ndekha. Anati, "Mwananga, tisanapite kumunda tikaonekere kwa anyakwawa, ndipo ukanene ku ofesi ya a gemu kuti nguluwe zikuwononga. Ukabwera ndi yankho lawo tiyamba."

Zimenezi zinanditengera masiku awiri, ndipo ndinada nazo, poti usiku uliwonse mbatata imapita. Koma ku ofesiko anandilandira bwino. Anandifotokozera kuti lamulo limalola munthu kuteteza mbewu zake kwa nyama yowononga, koma ukapha uyenera kukanena msanga, ndipo nyamayo siikhala yako mpaka iwo atanena chochita nayo. Anatinso misampha ya waya, poizoni ndi kutentha tchire n'zoletsedwa kulikonse, ngakhale m'munda mwako momwe. Wofuna kusaka kongosangalala, osati koteteza munda, nkhani yake ndi ina: ayenera kukhala ndi laisensi yakeyake yochokera ku nthambi yoona za nyama zakuthengo, ndipo ndi komweko kumene angamuuze nyama yololedwa, malo ake ndi nyengo yake.

Tsiku loyamba kudimba madala sanatenge mfuti. Anangotenga ndodo ndi galu mmodzi wamkazi dzina lake Tilekeni. Ola limene ndinayenda nawo m'mawa umenewo ndi limene ndimati ndalama yanga inagwira ntchito. Anagwada pamatope m'mphepete mwa madzi n'kundionetsa mapazi. Chiboda cha nguluwe n'chobulungira kutsogolo, ndipo pofewa pamaoneka timabowo tiwiri kumbuyo, ta tiziboda tating'ono tija. Anayika zala zitatu m'phazi limodzi, zinakwana. "Iyi ndi mphongo, yaikulu." Pambali pake panali ena ocheperapo, ndi ena ang'onoang'ono ngati chala chamanthu. Anawerenga n'kuti zilipo 7: mphongo, zazikazi ziwiri, ana anayi osiya kuyamwa. Anandionetsa mtengo wa mkuyu umene khungwa lake linali lokalikakalika kufika m'bondo mwanga, pomwe mphongo imanola mano n'kusiya fungo lake, ndi pamalo pena pomwe ndowe zinaunjikana, poti nguluwe zimabwerera pamodzimodzi pochita chimbudzi. Anaphwanya ndowe imodzi ndi kamtengo, mkati munali makoko a mbatata ya mayi anga ndi njere za masau. Kenako anatola fumbi n'kuliwaza m'mwamba kuti aone kolowera mphepo.

Ndi iwo amene anandimasulira kusiyana kwa nguluwe ndi njiri, poti anthu ambiri a m'tauni amaziphatikiza. Njiri ndi ija yotuwa, ya njerewere kumaso ndi mano aatali opindikira m'mwamba, imayenda masana, imagona kuuna, ndipo pothawa imaimika mchira ngati mlongoti. Nguluwe ndi yofiirira, ya ubweya wambiri ndi mzere woyera pamsana, imayenda usiku, imagona m'ziyangoyango ndi m'mabango, pothawa mchira uli pansi. Mano ake ndi aafupi, saoneka patali, koma a m'munsi amanoleka pokhulana ndi a m'mwamba mpaka kuthwa ngati lumo. Kusambira imatha bwino, n'chifukwa chake mtsinje suitchinga. Yowononga madimba kwambiri ndi imeneyi.

Mtengo wawo unali K15,000 pa usiku, kuphatikiza chakudya cha iwo ndi anyamata awo awiri, ndi ndalama ya zipolopolo padera. Anandiuziratu kuti salonjeza nyama. "Nguluwe ili ndi mphuno kuposa galu. Tikhoza kugona kuno sabata osaiona." Anamanga kansanja pamtengo wa mtondo kumapeto kwa dimba, mbali yomwe mphepo imachokera kwa nguluwe kubwera kwa ife. Analetsa sopo wonunkhira, fodya, ndi foni. Mafuta othamangitsa udzudzu analetsanso, ndipo apa ndiye ndinavutika, chifukwa udzudzu wa kumadimba a kwathu suchita masewera. Valani malaya a manja aatali, buluku lokhuthala ndi masokosi, ndipo mukabwerako thupi likangotentha pitani mukayezetse malungo.

Usiku woyamba sikunabwere kanthu. Wachiwiri tinazimva zikufwenthera ndi kuphwanya mabango kutsidya, koma mphepo inatembenuka, zinangoti phwa phwa phwa kubwerera. Madala anangoti, "Zatimva," n'kufunda nsalu yawo. Usiku wachitatu sanabwere n'komwe, anapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo osatumiza uthenga, ine n'kudikira kudimba mpaka 9 koloko. Ichi ndi chilema chawo chachikulu: foni ali nayo koma imakhala yozima, ndipo nthawi amayendera dzuwa. Ngati mwachokera kutali ndipo muli ndi masiku awiri okha, mukhoza kubwerera mutakwiya.

Usiku wachinayi nguluwe zinalowa mochedwa, tambala woyamba atalira kale. Tinkazimva zikutafuna, mbatata ikulira khumu khumu mumdima, mtima wanga ukugunda mpaka kukhosi. Ndinawakodola madala, iwo anandigwira bondo kuti ndikhale phee. Anadikira. Sawomba chinthu chimene sakuchiona bwino, chifukwa kumadimba kumayendanso anthu olondera mbewu zawo ndi ng'ombe zosokera. Kum'mawa kutayamba kuyera, zinayamba kuoneka ngati zitsa zoyenda. Zazikazi ndi ana zinali kutsogolo, zikubwerera kumabango. Mphongo inatsalira, inadzutsa mutu, mzere woyera uja utaima pamsana. Mfuti inalira kamodzi. Inagwa, inadzuka, n'kulowa m'tsekera.

Apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu ntchito amaidziwa. Ine ndinafuna kutsika nthawi yomweyo, iwo anandiletsa. "Nguluwe yolasidwa sithawa, imakudikira." Tinakhala mwina theka la ola mpaka kunayera bwinobwino, ndiye anyamata anamasula agalu. Tilekeni anatsata magazi mphuno ili pansi, enawo pambuyo. Posakhalitsa tinamva kuuwa pamalo amodzi, kenako kulira kwa galu. Madala analowa chowerama, ine anandiuza kuti ndiime kuseri kwa mtengo ndipo ikatulukira ndikwere. Mfuti inaliranso, kenako zii. Titaikoka poyera tinachita kuinyamula anthu anayi pamtengo. Galu wina wamphongo, Zaone, anali atang'ambidwa pantchafu, bala lotalika ngati chikhatho changa, loyera bwino ngati wacheka ndi mpeni. Madala anam'goneka pamiyendo pawo, anatsuka balalo ndi madzi a mchere, n'kulisoka ndi singano ndi ulusi wosokera matumba, uku akumulankhula motsitsa ngati mwana. Galuyo ankangonjenjemera osaluma. Anapola, ndinakamuona patapita mwezi akuyenda motsimphina pang'ono. Koma ndinene kuti zimenezi zinandionetsa chilema china: alibe chilichonse chothandizira munthu atavulala, ngakhale bandeji. Likanakhala bala la mwendo wa munthu, chipatala chili kutali ndipo galimoto palibe. Tengani zanu, ndipo gwirizanani ndi wa njinga yamoto amene angayankhe foni usiku.

Mfuti yawo sapatsa munthu. Ndinawapempha tsiku lachiwiri kuti ikabwera ndiwombe ine, poti bambo anga malemu ankapita ku uzimba ndi mikondo ndipo ndinakula ndikumva nkhani zake. Anakana mosapita m'mbali: chiphaso chili m'dzina lawo, mfuti ikalakwa m'manja mwanga womangidwa ndi iwo. Ndiye amene mukufuna kukajambulitsa mutagwira mfuti, kapena kuwomba nokha, kwa madalawa simukapeza zimenezo pokhapokha mutabwera ndi mfuti yanu ndi mapepala anu onse. Zazikazi zoyenda ndi ana aang'ono, aja a mizeremizere, saziwomba ngakhale mutawonjezera ndalama, ndipo mvula ikayamba, nyengo imene zimaswa, amakana ganyu yambiri.

Tinaimba foni ku ofesi ija, ofisala anabwera pa njinga yamoto cha m'ma 10 koloko, anaona munda, anaona nyama, analemba m'buku, n'kulola kuti igawidwe pamudzi. Anyakwawa analandira mwendo, madala mwendo wina ndi mutu, yotsala inayenda m'makomo. Apa funso lawo la khola la nkhumba lija linamveka. Nguluwe ndi njiri zimatha kunyamula chigodola cha nkhumba izo osadwala, koma chikalowa m'khola chimapulula zonse, ndipo mankhwala ake palibe. Kwa munthu sichipatsirana. Madala analamula kuti tisendere kudimba komweko, matumbo ndi magazi tikwirire m'dzenje lakuya, ndipo aliyense woweta nkhumba asambe, asinthe nsapato, ndipo madzi otsukira nyama asathire kukhola. Msuweni wanga amene ali ndi nkhumba 5 anachita kukana gawo lake. Nyamayo ndi yofiira, mafuta ochepa, ya mphongo yaikulu imakhala ndi kafungo ndipo ndi yolimba. Mayi anaiwiritsa nthawi yaitali ndi mchere, kenako anaikazinga ndi anyezi ndi tsabola wa kambuzi, tinadyera nsima ya mapira. Yosapsa bwino musadye, nyama ya m'tchire imakhala ndi nyongolotsi.

Za malo ena ndinawafunsa madala tili pansanja, ndipo ena ndinakadzionera ndekha pambuyo pake. M'mphepete mwa Elephant Marsh, dambo lija Livingstone analitcha dzinali mu 1859 atapezamo njovu zambirimbiri, nguluwe zimabisala m'mabango n'kumatulukira m'madimba a chimanga. Madala kumeneko sapita ndi agalu, anati ng'ona zinawadyera awiri, ndipo mvuu usiku zimadya m'minda yomweyo, zomwe n'zoopsa kuposa nguluwe. Damboli linalowanso m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar mu 2017, ndiye kaonaneni kaye ndi a gemu ndi makomiti a kumeneko. Ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kutsata msewu wochokera pa Thabwa kulowera ku Livunzu ndi Masenjere, nguluwe zimatsika m'zigwa za m'mapiri a Thyolo, malo ndi ouma bwino poyenda, koma msewu umavuta mvula ikagwa, ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mitsinje ina inasintha njira. Kwathu kuno, m'mbali mwa Mwanza, nguluwe n'zambiri chifukwa nkhalango ili pafupi, ndipo vuto lake ndi lomwelo: nyama yolasidwa ikathawira mkati mwa malire, mwaitaya, simungaitsate. Madala amawadziwa malirewo mtengo ndi mtengo, ndipo nsanja yawo anaimanga dala mbali yoti nguluwe ikathawa ilowere kumtsinje.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, madimba ali ndi mbewu, udzu utayamba kuuma, usiku kukuzizira pang'ono. Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, nyama imawonongeka isanafike pamoto ndipo agalu amalefuka msanga. Malo ogona abwinoko mupeza pa Nchalo kapena pa boma la Chikwawa, koma dziwani kuti mudzagona pansanja kapena pamphasa m'chisakasa cha kudimba. Chakudya, madzi akumwa ndi mayendedwe ndi zanu.

Zonse pamodzi madalawa ndinawapatsa K45,000 ya mausiku atatu amene anagwira, K12,000 ya zipolopolo, ndipo ndinawonjezera K5,000 ya mankhwala a Zaone. Mphongo ija itaphedwa gulu lonse linasamuka, silinabwerenso mpaka mayi anakumba mbatata yawo mu Okutobala, matumba 9. Asanachoke anaphunzitsa adzukulu a mayi kumanga zitini pa chingwe kuzungulira dimba ndi kusintha malo osonkhapo moto usiku uliwonse, poti nguluwe ikazolowera chinthu chimodzi imasiya kuchiopa. Wofuna kuwapeza apite kwa anyakwawa a dera limene kuli mundawo akafunse mlenje amene ali ndi chiphaso, ndipo akafika apemphe kuchiona ndi maso ake. Chaka chino mayi abzalanso mbatata pomwe paja, ndipo atsibweni apita kale kukawauza madala kuti akonzekere Julayi.